Mahinjesi a laputopu akayamba kuvuta: mukonze nokha kapena mubweze komwe munagula?

Ine ndimakonza mafoni ndi malaputopu pa kabenchi kanga kuno ku Joni, ndipo sabata siitha osabwera munthu wakwathu atanyamula laputopu yoyasama pakona ngati nsapato yakutha. Wina akuchokera ku Rosettenville, wina ku Yeoville, wina wakwera ma taxi awiri kuchokera ku Diepsloot, koma mawu ake amakhala amodzimodzi: "achimwene sinagwe iyi, ndangotsegula basi nde ndangomva kuti thyo." Ndipo ambiri amakhala akunena zoona. Ndatopa kufotokozera mmodzimmodzi nde ndati ndingolemba.

Choyamba mudziwe kuti hinji yeniyeniyo, pomwe sikirini imalumikizana ndi thupi la laputopu nkumapindikira, ndi yachitsulo, sikawirikawiri kuthyoka. Imamangidwa ndi timasikuluwu tomwe timalowa mu timanati tachikasu, timanatito anangotimiza mu pulasitiki ku fakitale. Hinji ija ikauma nkuyamba kulimba, mphamvu yonse yomwe mukutsegulira imathera pa pulasitikiyo, mpaka tsiku lina imazula timanati tija ngati chinangwa. Nde munthu akamati hinji yathyoka, nthawi zambiri chathyoka ndi pulasitiki, hinjiyo ili bwinobwino, mwinanso yalimba mopitirira. Kuno zimachita kunyanya chifukwa cha kuuma kwa nyengo yozizira ndi fumbi lija la mphepo ya mu Ogasiti, makamaka inu okhala kufupi ndi milu ya mchenga wa migodi, girizi wa mu hinji amasanduka phala louma.

Musanagwire sikuludiraiva, funani kaye lisiti

Apa ndi pomwe anthu amaluzira ndalama. Mayi wina anabwera ndi laputopu ya mwana wake wa sukulu, mwanayo anali atathira super glue pakona mpaka wina anayenderera nkumata mabatani awiri. Nditafunsa kuti munagula liti, akuti miyezi inayi yapitayo, yanyuwani, lisiti ilipo mu kachikwama. Ndinangogwira kukamwa. Akanapanda guluu uja akanakaibweza.

- Siinathe miyezi 6 chigulireni mu shopu: lamulo la dziko lino loteteza ogula, Consumer Protection Act ya 2008, gawo 56, limati katundu akapezeka ndi vuto mkati mwa miyezi 6 mutha kumubweza, ndipo wosankha ndinu, kaya akukonzereni, akupatseni ina, kapena akubwezereni ndalama. Akakonza koma vuto nkubwereranso isanathe miyezi 3, akuyenera kusintha kapena kubweza ndalama. Koma katunduyo asakhale woti mwamugwiragwira nokha kapena mwamuwononga. Ndipo lamuloli limakamba za wogula, silifunsa komwe munthu anabadwira, nde osamachita mantha poti ndife obwera.
- Yadutsa miyezi 6 koma chaka sichinakwane: apa mwatsala ndi walanti ya kampani yomwe inapanga, yomwe nthawi zambiri imakhala ya chaka chimodzi. Lembani serial number yomwe ili kunsi kwa laputopu pa webusayiti yawo, ikuuzani tsiku lomwe walanti ikutha. Koma ndisakunamizeni, nkhani ya mahinjesi amakonda kuikana, amati mwagwetsa. Nchifukwa chake muzipita ikangoyamba kulimba kapena kulira, pulasitiki isanasweke, ndipo jambulani zithunzi mbali zonse kuonetsa kuti palibe pomwe panamenyetsedwa.
- Yakaunjika yogula mu shopu: lamulo lija limagwirabe, kupatula ngati anakuuziranitu za vutolo inu nkuvomera kutenga choncho.
- Yogula kwa munthu pa Facebook Marketplace kapena Gumtree, kapena mnzanu wa pa flat: iwalani, pokhapokha ngati walanti ya kampani ikadalipo.
- Yobwera nayo kuchokera kumudzi kapena yotumiziridwa kunja: walanti zina zimagwira m'dziko lomwe zinagulidwa lokha, onani kaye.

A shopu akamakuzungulitsani pali ofesi ya Consumer Goods and Services Ombud, kudandaula kumeneko nkwaulere. Chovuta cha walanti nchoti laputopu imatha kukhala kwawoko masabata, ndipo kwa munthu woti ndi yomwe amadyerapo zimawawa. Komabe ine maganizo anga ndi oti ngati muli mkati mwa nthawi, pirirani, bwerekani ya mnzanu. Musanaipereke koperani mafayilo anu onse pa flash, nthawi zina imabwera atafufuta zonse.

Walanti ikakhala kuti inatha kapena kunalibe nkomwe, tiyeni tione zizindikiro.

1. Ikulimba potsegula, kapena ikulira kuti kwee

Ichi nchizindikiro chabwino kuposa zonse chifukwa simunachedwe. Yesani kutsegula ndi dzanja limodzi mutagwira pakati, ngati thupi lonse likunyamuka kutsatira sikirini ndipo kale sizinkatero, yauma.

Zoyambitsa, kuyambira chofala:
- girizi wauma, fumbi lalowa
- kanati ka pa hinji kanamangidwa mothina kuchokera ku fakitale
- dzimbiri, ngati munathirapo tiyi kapena inanyowa ndi mvula ya masana ija
- kanthu kagweramo, monga kachidutswa ka pulasitiki kapena sikuluwu yomasuka

Chochita: zimitsani, chotsani chaja, tsegulani chivundikiro chakunsi ndi kasikuludiraiva kakang'ono ka Phillips, PH0 kapena PH00, masikuluwu ena amafuna ka nsonga ya nyenyezi, Torx T5. Mukangotsegula chinthu choyamba ndi kuzula pulagi ya batire pa bodi, chibolodi chachikulu cha mkati chomwe zonse zimalumikizako, izi ndizibwereza kutsogoloku. Pukutani hinji ndi kaburashi, dontheza kadontho kamodzi ka mafuta a mashini osokera kapena silicone grease pomwe chitsulo chikuzungulira, kadontho osati kuthira ngati mukukazinga mandasi. Mahinjesi ambiri ali ndi kanati kumapeto kwa kamtengo kake, kamasuleni pang'ono chabe, kotala ya mzungulo, ndi kasipanala kapena pulayazi yosongoka, muyese, ngati ikadali gwa muwonjezere pang'ononso. Mukamasula kwambiri sikirini izigwa yokha. Mbali zonse ziwiri zikhale zofanana.

Osapopera WD-40 kuchokera kunja poganiza kuti ilowa yokha. Imalowadi, koma imakalowanso mu sikirini nkusiya zimadontho zomwe sizichoka.

Mahinjesi ena alibe nati, anangowafinya ku fakitale. Amenewo mafuta akakanika ndi ofunika kusintha basi.

2. Pakona payasama, kafulemu ka sikirini kakutseguka, mukumva thyo thyo

Ili nde vuto lomwe limandidyetsa. Siyani kutsegula ndi kutseka pompano. Ngati ili yotsegula isiyeni choncho, musaikakamize kutseka kuti ilowe mu chikwama, chifukwa hinji yozuka ija imasanduka chipikiri, imakankha galasi kuchokera kumbuyo, ndipo vuto la guluu limasanduka vuto logula sikirini.

Zoyambitsa:
- timanati tachikasu tazuka mu pulasitiki chifukwa hinji inalimba, pa malaputopu omwe ndimaona ambiri ndi izi
- chizolowezi chotsegula mutagwira kona imodzi, kapena kunyamula laputopu pogwira sikirini
- kufinyika mu chikwama, mukudziwa mmene timapanikizirana mu taxi pa Bree kapena pa Noord, chikwama pamwendo wina nkutsamira
- masikuluwu anamasuka nkugwa, pulasitiki ili bwino
- inagwadi koma mwana sananene

Mmene mungadziwire: gwedezani laputopu pang'ono pafupi ndi khutu, mukamva tizinthu tikuyenda mkati ndi tizidutswa ta pulasitiki kapena timanati. Tsegulani muone komwe kwazuka, kumbali ya sikirini kapena kumbali ya kiyibodi. Ngati kanati kakadali pa sikuluwu koma kali lende osagwira kalikonse, ndi zomwezo.

Akakhala masikuluwu okha mwapulumuka, bwezeretsani a saizi yomweyo, ambiri ndi M2 kapena M2.5, koma samalani kutalika, sikuluwu yaitali imaboola nkutulukira kunja kapena kugunda galasi. Kadontho ka threadlocker wabuluu, kaguluu kopaka pa mazinga a sikuluwu, kamathandiza kuti asamasukenso.

Timanati tikakhala kuti tazuka pali njira zitatu.

Yoyamba ndi guluu wa epoxy, uja wa machubu awiri osakaniza. Kuno Pratley amapezeka paliponse, ku Builders ngakhale mu hardware ya pakona, ndi wa konkuno amapangidwa ku Krugersdorp. Ine ndimakonda Pratley Steel. Koma tamverani, guluu yekha sachiza. Mukamata musanamasule hinji ija monga ndanenera pamwambapa, pakatha masabata awiri mubweranso, ndipo ulendo uno izula ndi pulasitiki yomwe inatsala. Nde dongosolo lake ndi ili:
- masulani hinji kaye mpaka izitheka kuyenda ndi zala
- chotsani tizidutswa tonse, palani pamalopo ndi sandipepa kuti pakhale pokhakhala, pukutani ndi spirit
- pakani Vaseline pang'ono pa mazinga a sikuluwu kuti guluu asaimatire, muilowetse mu kanati
- ikani kanati pamalo pake penipeni, zungulizani guluu, samalani asakhudze mawaya kapena polumikizira pa hinji
- panani ndi kalampu kapena mapegi ochapira, musiye tsiku lathunthu

Tsiku lathunthu ndikutanthauza maola 24, ngakhale pa paketi alembe kuti amagwira mu maminitsi ochepa. Kugwira ndi kukhwima nzosiyana, ndipo mu Juni kuno kukazizira amachedwa. Mnyamata wina wa Uber ndinamumatira madzulo nkumuuza abwere mawa lake, iye kukakamira kuti aitenge ali ndi mafomu oti atumize, analonjeza kuti satsegula, ndipo mmawa anali pakhomo ndi nkhope yamanyazi laputopu ili yasa.

Super glue ayi. Amauma ngati galasi nkusweka, nthunzi yake imasiya zoyera pa sikirini, ndipo amandipatsa ntchito yopala ndisanayambe kukonza. Zija zosakaniza ndi soda zomwe mumaona pa TikTok zimagwira pa tinthu tosayenda, pa hinji sizikhalitsa.

Njira yachiwiri ndi yonyansa koma yolimba: kuboola chivundikiro ndi kadirilo nkudutsitsa kabauti kakang'ono mpaka kunja, nkumanga ndi nati ndi washa. Mitu ya mabauti imaonekera kunja ngati zigamba, koma pa laputopu yakale yongogwirira ntchito pakhomo ine sindiona vuto, imeneyo ndi yomwe ndimapangira anthu ofuna kuitumiza kumudzi pa basi, chifukwa ikakafika ku Mzimba kapena ku Mangochi palibe amene akaimatenso. Chotsani sikirini kaye musanaboole, chonde.

Yachitatu ndi kugula chivundikiro china, chakumbuyo kwa sikirini kapena chapamwamba pa kiyibodi, kutengera komwe kwasweka. Iyi nde yokhalitsa komanso yooneka bwino. Part number imakhala pa kasitika mkati mwa chivundikiro chakalecho, gwiritsani imeneyo osati dzina la laputopu lokha, chifukwa mamodelo ofanana dzina amasiyana mabowo. Mashopu a mtauni ndi a ku Fordsburg ena amakhala ndi malaputopu akufa omwe amagulitsa ziwalo, koma muyang'anitsitse timanati take musanalipire, mwina nako kunayamba kale kung'aluka. Chenjezo limodzi: pa malaputopu ambiri atsopano kiyibodi anaimatirira ku chivundikiro chapamwamba, nde kusintha kumeneko ndi kusamutsa chilichonse, bodi, fani, masipika. Ngati simunapangepo, pamenepo pitani kwa wokonza.

3. Sikirini yalobodoka, ikugwa chagada kapena ikugwedera mukamatayipa

Zoyambitsa:
- masikuluwu a hinji amasuka
- kanati ka pa hinji kamasuka
- timanati tayamba kuzuka koma pulasitiki siinayasame
- hinji yatha kapena chitsulo chake chathyoka

Yambani ndi kumanga masikuluwu, osafinya kwambiri. Sikuluwu ikamangozungulira osagwira, bwererani pa nambala 2. Zonse zikakhala zogwira, mangani kanati ka hinji pang'ono. Yothyoka chitsulo siimatika, gulani peya, ndipo amalembedwa L ndi R, musinthe onse awiri chifukwa yatsopano ndi yakale sizikoka mofanana.

4. Chithunzi chikuthwanima, mizere, kapena sikirini ikuzima mukaipendeketsa

Mu hinji mumadutsa zingwe. Muli kebo ya sikirini, yomwe nthawi zambiri imanyamulanso kamera, komanso timawaya tiwiri towonda ta Wi-Fi, kakuda ndi koyera, chifukwa eriyo yake imakhala m'chivundikiro cha sikirini. Hinji ikachoka pamalo imatafuna zimenezi.

Zoyambitsa:
- kebo yapanika kapena yasupuka pa hinji
- pulagi ya kebo yasuntha kumbuyo kwa sikirini kapena pa bodi
- galasi lasweka mkati, mumaona ngati inki yatayika
- vuto la pa bodi, ili ndi la apo ndi apo

Kuyesa kwake nkosavuta. Lumikizani laputopu ku TV ndi HDMI. Ngati pa TV chithunzi chili bwino, bodi ili moyo, vuto nthawi zambiri ndi kebo kapena sikirini. Ngati chithunzi cha pa laputopu chimasintha mukamayendetsa sikirini pang'onopang'ono, ndi kebo. Ndipo ngati Wi-Fi yayamba kugwira pokhapokha mutakhala pafupi ndi rauta pomwe foni ikugwira bwino chipinda chomwecho, kapena kamera ikuzimazima, kayang'aneni timawaya tija.

Tsopano zija ndinati ndibwereza. Osazula kapena kulowetsa kebo ya sikirini batire ili yolumikiza, ngakhale laputopu ili yozimitsa. Pa kebo imeneyo pamakhala magetsi a nyali ya sikirini, ikangopendekeka pang'ono mumawotcha fyuzi pa bodi, sikirini nkukhala bii, chithunzi chimangooneka mukawalitsa tochi. Ine ndinawotchapo imodzi ndikuyamba kumene ntchitoyi, ya kasitomala, ndipo ndinalipira ndekha mwezi umenewo ndinadya pap ndi kabichi. Kebo yatsopano muonetsetse mapini, pali za 30 ndi za 40, ndipo sizilowana.

Mukangomva fungo lopsa kapena kuona waya wosupuka, zimitsani musayatsenso.

5. Sikutsekeka bwino, mbali imodzi yakwera

Zoyambitsa:
- hinji imodzi yazuka kapena yapindika
- kanthu katsekereza, cholembera kapena ka earphone
- batire yatupa

Chachitatuchi si nkhani ya hinji konse koma anthu amasokoneza. Yang'anani touchpad, ngati yatukuka kapena yasiya kudinika, kapena kunsi kwafufuma laputopu ikugwedera pa tebulo, ndi batire. Zinachuluka nthawi ya load shedding ija pomwe tinkangozisiya pa chaja usana ndi usiku nkumazikamula mpaka kuzima. Batire yotupa osaibaya, osaifinya, osaichajanso, imatha kuyaka moto ndipo mmene timakhalira mothinana mu ma flat a ku Hillbrow ndi Berea si zoseweretsa. Ichotsedwe ndi munthu wodziwa, ndipo osaitaya mu bini wamba.

Pomwe muyenera kusiya nkupita kwa wokonza

- walanti ikadalipo, kapena laputopu ndi ya kuntchito kapena ya sukulu
- ndi ya touchscreen, kapena zija zopinda mpaka kumbuyo, kapena yopyapyala yomwe galasi lake anamata ndi tepi, zimenezi kungosendeza molakwika lasweka
- MacBook, mahinjesi ake amamangidwa pa aluminiyamu ndipo masikuluwu ake ndi ena, nkhani ya guluu siigwira
- batire yatupa kapena pali fungo lopsa
- sikuluwu yatha mutu ndipo mwayamba kuganiza zotenga mpeni
- mwatsegula ndipo simukuona pulagi ya batire

Kwa wokonzako funsani mafunso awiri. Loyamba, mumata kapena musintha chivundikiro? Mitengo yake ndi yosiyana ndipo ena amalipiritsa ya kusintha koma amata. Lachiwiri, hinji muimasula? Akakuyang'anani modabwa nyamulani laputopu yanu mupite pena. Muuzeni akulembereni lisiti, chifukwa lamulo lomwe lija pa gawo 57 limapereka miyezi 3 pa chipangizo chatsopano chomwe waikamo komanso ntchito yoikayo. Mufunsenso akubwezereni ziwalo zakale zomwe wachotsa. Password ya laputopu sikufunika pokonza hinji, akafuna kuyesa sikirini ayese inu muli pompo.

Ndipo muwerengere. Laputopu ya zaka zisanu ndi zitatu yoti chivundikiro, mahinjesi ndi kebo zonse zikufunika zatsopano, ine ndimawauza anthu kuti tingoimanga mabauti, kapena tiisiye yotsegula pa tebulo mpaka kalekale muilumikize ku TV ikhale kompyuta ya ana. Ya mayi uja wa super glue tinapala masiku awiri, tinamata ndi epoxy, mabatani awiri aja mpaka pano amalimba, mwanayo akafuna kulemba Q amachita kudina ndi chala chachikulu.